Kudinditsa zipangizo za kampeni ku Limbe pamene ulibe mtundu wa chipani

Azakhali anga, amene anaphunzitsa ku pulayimale kwa zaka zoposa 30 asanapume pantchito, anapikisana nawo pa mpando wa khansala pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 ngati woyima payekha, ndipo popeza pa abale onse ine ndi amene ndimakhala mumzinda wa Blantyre, udindo wopeza malo odinditsira zipangizo zokopera anthu unagwera ine. Ndinafunsa mitengo m'mashopu anayi, awiri ku Limbe ndi awiri cha ku Ginnery Corner, ndipo pomaliza ndinakhazikika pa shopu ina ya ku Limbe imene tinagwira nayo ntchito kuyambira mwezi wa Julayi mpaka sabata yotsiriza ya kampeni. Dzina lake sinditchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene pano ndi madandaulo ndipo eni ake si anthu oipa, koma amene akuganiza zodzayima payekha pa chisankho chachibwereza kapena pa cha 2030 apezamo zomuthandiza kulikonse kumene angakadinditse, pakuti mashopu amenewa amagwira ntchito mofanana kwambiri.

Shopuyi ndi chipinda chimodzi chachitali chogawidwa pakati ndi matabwa. Kutsogolo kuli kauntala, kompyuta ya mnyamata wojambula ndi benchi ya makasitomala, pamene kumbuyo kuli tebulo lodindirapo matisheti pogwiritsa ntchito masefa, makina otentha omatira zithunzi pansalu, ndiponso makina aakulu osindikiza zinsalu zapulasitiki zokoleka pamisonkhano. Pakhoma, pamwamba pa kauntala, mwini shopuyo anakhomapo zitsanzo za ntchito zake kuyambira chisankho cha 2014, ndipo munthu akaliyang'ana khomalo amawerenga ndale za chigawo cha kummwera m'mitundu yokhayokha, buluu ali ponseponse, chikasu chikumka nichichepa, ndi olenji yemwe anadzaza ngodya imodzi mu 2014 koma osabwereranso mwamphamvu.

Funso loyamba limene bambowo anandifunsa silinali la kuchuluka kwa katundu kapena la ndalama, koma lakuti, "Mtundu wanji, achimwene?" Nditayankha kuti azakhali alibe chipani, anaseka pang'ono, nakoka mpando, n'kuyamba kundiwerengera pa zala mitundu imene ili kale ndi eni ake. Buluu ndi wa DPP, chikasu ndi cha UDF, kufiira kukakumana ndi kubiriwira ndi kuda ndiye kuti ndi tambala wakuda wa MCP, kufiira kukakhala pamodzi ndi chikasu anthu amaona UTM, ndipo olenji ndi wa PP. Anawonjezera kuti ngakhale kufiira kokhakokha mu Blantyre kumakumbutsa anthu za Bullets, monga mmene buluu wina amawakumbutsira za Wanderers. Chinatsala ndi kuyera, kumene m'fumbi la Ogasiti sikuchedwa kuda ndipo kumidzi kumaoneka ngati yunifolomu ya amayi a Mvano, komanso mtundu wa pepo umene ena amaugwirizanitsa ndi maliro. Ndisanalipire ngakhale tambala imodzi, ndinali nditaphunzira kale kuti wa chipani amalowa m'mudzi mtundu wake utamutsogolera zaka zambiri zapitazo, pamene woyima payekha amayenera kudzifotokoza kuyambira pachiyambi kwa munthu aliyense amene wakumana naye.

Uphungu woyamba wa mwini shopuyo unali wakuti tisankhe buluu wosiyana pang'ono chabe ndi wa chipani, ndipo anatulutsa matisheti awiri a makasitomala ena oyima paokha amene anachita zomwezo. Anafotokoza mosabisa kuti ambiri mwa oyima paokha amene amafika pa kauntala yake si anthu opanda chipani ayi, koma ndi amene anagwa pa chisankho chachipulula, kapena amene akukhulupirira kuti akuluakulu a chipani anawapondereza n'kuikapo munthu wawo, ndipo akapita kwa anthu amawauza kuti pa pulezidenti avotere chipani chomwe chija koma pa khansala achonge iwowo. Anthu otere amafuna kuti wovota awaone ngati ana a m'nyumba momwemo amene angosemphana mawu ndi makolo, ndipo buluu wobisikayo ndiye amagwira ntchito imeneyo mwakachetechete. Ndinawaimbira foni azakhali ndili pa benchi pomwepo, ndipo yankho lawo linali lalifupi: "Mwana wanga, ndakalamba ndikuletsa ana kukopera, ndiye lero ndikakopere mtundu wa eni ake?" Tinasankha pepo ndi zilembo zoyera. Ndiyenera kuyamikira kuti bambowo sanaumirire maganizo awo, koma anangonena kuti ngati ndi choncho, ndalama yathu tiiike pa nkhope ndi pa chizindikiro, osati pa nsalu.

Pa chizindikiro ndi pamene shopuyi inatithandiza koposa, ndipo thandizolo silinalembedwe pa kotesheni. Woyima payekha amasankha yekha chizindikiro chimene amapereka ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC pamodzi ndi zikalata zake, ndipo ndicho chimaikidwa pa pepala lovotera pambali pa dzina ndi chithunzi chake. Azakhali ankafuna mjigo, chifukwa vuto la madzi ndilo linawadzutsa pampando wopumira, ndipo mnyamata wa pakompyuta anaujambula bwino, mkono wake, mpopi wake ndi ndowa pansi. Atatha sanandipatse pepala lalikulu kuti ndigome nalo, koma anachepetsa chithunzicho mpaka kufika pa ukulu wa chikhadabo cha chala chamanthu, nachisindikiza, natuluka nacho panja kukafunsa mayi wogulitsa nthochi pakhonde kuti akuona chiyani. Mayiyo anachiyang'ana, nachitembenuza, n'kunena kuti ndi chiswamphika. Mnyamatayo anabwerera nati chizindikiro chabwino ndi chimene gogo wa maso ofooka angachizindikire m'kachipinda kovotera popanda womuuza, choncho chisakhale ndi timizere tating'onoting'ono, ndipo anajambula belu la kusukulu lakuda bii, lopanda zokongoletsa. Mayi wa nthochi uja analizindikira nthawi yomweyo. Belulo linagwirizananso ndi mmene anthu a m'wodi yonse amawaitanira azakhali, pakuti palibe amene amawatchula dzina, onse amangoti aphunzitsi.

Mwini shopuyo amagawa makasitomala ake oyima paokha m'magulu awiri, ndipo kagawidwe kakeko kamagwirizana ndi zimene zotsatira za zisankho zakhala zikuonetsa. Woyima payekha wofuna mpando wa phungu wa ku Nyumba ya Malamulo amabwera pa galimoto, amaitanitsa katundu wochuluka ngati wa chipani, ndipo nthawi zina amapambana ndithu. Mu 2014, pa mipando 193 ya Nyumba ya Malamulo, oyima paokha anatenga 52, kuposa chipani china chilichonse, ndipo mu 2019 anatenga 55, chimodzimodzi ndi MCP, pamene DPP inapeza 62. Mu 2025, madera a aphungu atakwera kufika pa 229, oyima paokha anakhalanso gulu lalikulu kuposa zipani zambiri. Koma m'mawodi 462 amene analipo mu 2014 ndi mu 2019, gawo la oyima paokha linali lochepa kwambiri poyerekeza ndi la ku Nyumba ya Malamulo, ndipo woyima payekha wofuna ukhansala, yemwe amabwera pa minibasi ndi ndalama zosonkha pa abale, amachoka pa kauntala ndi kakatoni kamodzi. Anthu omwewo amene amaukira chipani pa pepala la phungu amabwereranso kwa chipanicho pa pepala la khansala, tsiku lomwelo, m'kachipinda komweko.

Chifukwa chake si chachinsinsi kwa amene anatsatira mbiri ya maboma ang'onoang'ono m'dziko muno. Chisankho choyamba cha makhansala mu ulamuliro wa zipani zambiri chinachitika mu Novembala 2000, ndipo anthu amene anakavota anali pafupifupi 14 okha mwa 100 alionse olembetsa. Makhansala amenewo atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi popanda khansala mpaka chisankho chapatatu cha pa 20 Meyi 2014, ndipo m'zaka zimenezo ndi mmene thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linayambira mu 2006 lili m'manja mwa aphungu, kenako kusintha kwa lamulo la maboma ang'onoang'ono mu 2010 kunapatsa aphunguwo mphamvu yovota m'makhonsolo. Mbadwo wonse unakula ukudziwa kuti mlatho, mjigo ndi buloko ya sukulu zimachokera kwa phungu, ndipo bokosi la maliro ndi galimoto yonyamula wodwala zimachokeranso kwa iye, choncho pa phungu anthu amamuyeza munthuyo payekha chifukwa amadziwa chimene akufuna kwa iye. Khansala samadziwa bwino chimene angamuyeze nacho. Mu Meyi 2025 khoti linagamula, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa thumbalo, koma m'misonkhano yonse imene ndinaperekeza azakhali sindinamve wovota ngakhale mmodzi akutchula chigamulo chimenecho. Wovota amabwera pamzere atatsimikiza za pulezidenti, atalingalira za phungu, ndipo akafika pa pepala lachitatu, ngati sakudziwapo nkhope iliyonse, dzanja limangotsata chizindikiro chimene lachonga kale pa pepala loyamba.

Nkhani ya zitenje inatha msanga, ndipo pano shopuyi inanena zoona pamene ikanatha kutidyera. Chitenje chenicheni chathonje, chimene mayi angaberekere mwana n'kuchichapa zaka, sichidindidwa m'kachipinda ngati kameneka, koma ku fakitale ya nsalu monga ya Mapeto ya mu Blantyre momwemo, ndipo fakitale imafuna kuti muitanitse nsalu yochuluka kwambiri nthawi imodzi, zimene zipani zimakwanitsa koma wofuna ukhansala wa m'wodi imodzi sangakwanitse. Chimene shopu ingathe ndi kumata chithunzi pa nsalu yoterera yapoliyesita, ndipo mwini wake anandipatsa kachidutswa kuti ndikhudze, nati amayi akumudzi akachilandira adzathokoza pamaso panu koma adzakachita katani ya pakhomo la bafa. Shopu ina mwa zinayi zija inali itandilonjeza zitenje za mtundu womwewo popanda kundichenjeza chilichonse.

Tinaitanitsa matisheti 250, mapositala 1,500 ndi timapepala togawa pamanja 6,000, pamodzi ndi zinsalu ziwiri zokoleka. Mitengo inali yapakatikati pa mashopu anayiwo, koma kotesheni inkagwira ntchito masiku atatu okha, chifukwa matisheti osalembedwa, inki ndi mapepala zonse zimachokera kunja, ndipo chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 komanso kusowa kwa ndalama zakunja, wogulitsa aliyense amaopa kulonjeza mtengo wa sabata yamawa. Ife, amene tinkadikira kuti abale a ku Johannesburg atumize gawo lawo, tinapezeka kuti talipira mtengo wokwererapo pa theka lachiwiri la matisheti. Anatifotokozera bwino kuti pa kadindidwe ka sefa mtundu uliwonse umafuna sefa yakeyake, choncho tisheti ya mtundu umodzi wa inki imatsika mtengo kwambiri kusiyana ndi yokhala ndi chithunzi cha nkhope, ndipo tinagwirizana zoti pa matisheti pakhale belu ndi mawu okha, nkhope ipite pa mapepala. Amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, amafuna theka asanayambe ntchito, koma lisiti samapereka pokhapokha mutaumirira, chimene ndi chizolowezi choipa kwa kasitomala amene akugwiritsa ntchito ndalama zosonkha ndipo ayenera kukafotokozera abale mmene zayendera.

Ntchito yeniyeniyo inali yabwino. Inki ya pa matisheti inalowa bwino m'nsalu ndipo yanga ndaichapa kambirimbiri popanda belu kusweka kapena kumatuka, ngakhale kuti nsaluyo ndi yopepuka ndipo masayizi ake ndi ochepa kusiyana ndi zimene zalembedwa pakhosi, moti amene akuitanitsa ndi bwino akweze sayizi imodzi pa onse. Chithunzi cha azakhali chimene ndinabwera nacho chinali cha pafoni, chojambulidwa pa ukwati, ndipo mnyamata uja anachikana, nati pa mapepala onse pakhale chithunzi chomwecho chimene chapita ku MEC, duku yomweyo, magalasi omwewo, kuti nkhope ya pa mtengo wa mango ndi ya m'kachipinda kovotera ikhale imodzi. Pa timapepala togawa pamanja anaika nkhope, dzina, belu ndi kabokosi kochongedwa, koma anakana kujambula chinthu chofanana ndendende ndi pepala lovotera lenileni, ponena kuti safuna milandu, ndipo ndinaona kuti anachita mwanzeru.

Zolakwika zinalipo ziwiri, ndipo yachiwiri ndi imene inandipweteka. Yoyamba inali ya kalembedwe: pa chitsanzo choyamba cha positala analemba Chichewa chosweka, mawu olumikizana atawalekanitsa ndi olekana atawalumikiza, ndipo ndikanapanda kuwerenga chilembo ndi chilembo, mphunzitsi amene anaphunzitsa zaka zoposa 30 akanapachikidwa m'mitengo ya wodi yonse ndi zolakwa za Sitandade 3. Anakonza popanda kulipiritsa, koma m'shopumo mulibe munthu wowerenganso ntchito isanapite pa makina, choncho udindowo ndi wa kasitomala. Yachiwiri inali ya nthawi. Theka lachiwiri la katundu wathu linalonjezedwa Lachisanu lina kumapeto kwa Ogasiti, koma nditafika ndinapeza tebulo lonse, benchi ya makasitomala ndi khonde lomwe zitadzaza matisheti a wofuna uphungu wina wa chipani amene anabwera pambuyo pathu ndi oda yaikulu. Anandiuza za kuzimazima kwa magetsi ndi kusowa kwa mafuta a jenereta, zimene zinali zoona m'miyezi imeneyo, koma magetsi omwewo ankayaka pa ntchito ya wa chipani. Katundu wathu anatuluka patapita masiku asanu ndi anayi, ndipo pa kampeni ya masiku 60, imene imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti anthu avote, masiku amenewo anatitayitsa misika iwiri ya pasabata ndi mpikisano wa mpira umene tinkafuna kukagawirako. Mwini shopuyo anapepesa, nationjezera timapepala 500, ndipo ananena mosapita m'mbali kuti wa chipani amabweranso chisankho chilichonse pamene woyima payekha akagwa samuonanso. Ndinamvetsa malonda ake, koma sindinakhululuke kusandiuza msanga, pakuti foni yanga anali nayo.

Mmene katunduyo analandiridwira kumudzi ndi pamene pali muyeso weniweni wa uphungu wa shopuyi. Pa msonkhano wina pabwalo la sukulu, azakhali atamaliza kufotokoza za mijigo yowonongeka ndi za mmene ndondomeko ya chitukuko imayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) mpaka kukafika ku khonsolo, anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo ambiri mwa iwo anali ana awo a m'kalasi amene tsopano ali ndi mabanja. Kenako bambo wina wachikulire anaimirira, navula chipewa, nati, "Aphunzitsi, ife tonse timakudziwani ndipo palibe angakunenereni choipa, koma tiuzeni, mukapambana mudzalowa kuti?" Funso limeneli tinalimva pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo linkabwera kuchokera mbali ziwiri zotsutsana. Ena ankafuna kumva kuti adzalowa m'chipani chimene chidzapange boma, chifukwa amakhulupirira kuti chitukuko chimatsata boma ndipo khansala wopanda chipani ali ngati mwana wamasiye pa nthawi yogawa chakudya. Ena ankafuna kumva kuti sadzalowa kulikonse, chifukwa anatopa ndi oyima paokha amene amapempha voti ponyoza zipani koma akangolumbira amakavala nsalu ya chipani cholamula. Onse awiri ali ndi chifukwa chomveka, pakuti gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, limene limalanga phungu wochoka m'chipani chake n'kulowa china, silimanga munthu amene anasankhidwa ali woyima payekha, ndipo anthu aona ndi maso awo kangapo konse oyima paokha akuwolokera ku boma chisankho chitangotha. Azakhali anayankha kuti adzakhala pamene anthu awaika, ndipo theka la bwalo linakondwa pamene theka lina linangoti zii.

Chimene ndinaona n'chakuti anthu sakonda zipani monga mmene mitundu ya pamisonkhano imaonetsera. Amadandaula poyera kuti chipani chimawabweretsera munthu wosamufuna, kuti pa chipulula anthu amatengedwa pa malole kuchokera kwina kudzaima kumbuyo kwa wokondedwa wa akuluakulu, ndiponso kuti khansala wa chipani amaopa phungu wake kuposa mmene amaopera anthu amene anamusankha. Koma kudandaula kumeneko sikusanduka voti ya woyima payekha pokhapokha munthuyo akumudziwa maso ndi maso, ndipo wodi ya kumidzi, ngakhale kuti mawodi anawonjezedwa kufika pa 509 mu 2025, ndi yaikulu kwa munthu woyenda pa kabaza. M'midzi yozungulira sukulu ziwiri zimene azakhali anaphunzitsa, belu silinkafuna kufotokozera. Kutsidya kwa mtsinje, kumene sanaphunzitseko, mayi wina analandira kapepala, nayang'ana nkhope, nafunsa kuti kodi amenewa ndi a chipani chanji, ndipo atamva kuti alibe, anafunsanso kuti nanga ndani adzawathandize kuyankhula ku khonsolo. Funsolo si laumbuli, chifukwa wapampando wa khonsolo kapena mfumu ya mzinda amasankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo m'makomiti a zachuma, zamaphunziro ndi zaumoyo amene ali ndi gulu kumbuyo kwake ndiye amamveka, kupatula pamene zipani zalingana mphamvu ndipo voti ya woyima payekha ikusakidwa ndi mbali zonse.

Matisheti anatha m'masiku ochepa ndipo sindikhulupirira kuti anatibweretsera mavoti ambiri. Mnyamata wina wa kabaza amene ankandinyamula anali ndi matisheti a zipani zitatu pamodzi ndi yathu yapepo, ndipo ankasintha malinga ndi msonkhano wa tsikulo, nandiuza mosachita manyazi kuti malaya ndi malaya, voti ndi ya mumtima. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, koma linalola zipangizo za kampeni monga zovala zimenezi, ndipo chotsatira chake n'chakuti anthu amaziona ngati gawo lawo la nyengo ya chisankho, osati ngati pangano. Pamene amayi ankafunsa kuti nanga chitenje chili kuti, sankatanthauza kuti popanda chitenje savota, koma ankayeza ngati munthuyu ali ndi mphamvu kumbuyo kwake, ndipo pa muyeso umenewo woyima payekha wosauka sangapambane ngakhale atadinda zochuluka bwanji. Timapepala tating'ono tija ndi timene tinagwira ntchito, monga mmene mwini shopuyo ananenera tsiku loyamba, chifukwa tinkalowa m'thumba, m'Baibulo ndi m'buku la kusikelo, ndipo mamonita athu anatiuza kuti pa tsiku lovota agogo angapo ankafunsana pamzere za pepala la belu.

Azakhali anakhala achiwiri. Anatsogola pa malo ovotera oyandikana ndi sukulu zawo ziwiri, koma kutsidya kwa mtsinje wa chipani anawasiya kutali, ngakhale kuti munthuyo sanachititseko msonkhano wakewake ndipo ankangoimitsidwa kuti aweyule dzanja pa misonkhano ya wofuna uphungu. Woyima payekha wina wa m'wodi yomweyo, amene anagwa pa chipulula n'kudinda buluu wobisika uja, anatsalira kumbuyo kwa azakhali, zimene zikundichititsa kukayikira uphungu woyamba wa shopuyi, pakuti pa pepala lovotera palibe buluu wobisika, pali chizindikiro cha chipani chenichenicho, ndipo amene akufuna chipani amachonga chimenecho.

Kwa wa chipani, shopuyi ndi yabwino popanda chokayikitsa, chifukwa mitundu ndi zizindikiro zonse zili kale m'kompyuta ndipo oda yaikulu imapatsidwa ulemu. Kwa woyima payekha ndingailimbikitsenso, makamaka chifukwa cha mnyamata wojambula uja ndi chilungamo chawo pa nkhani ya zitenje, koma apite msanga, mwezi wathunthu zikalata zisanaperekedwe ku MEC, pamene makina sanatanganidwe ndipo chizindikiro chikhoza kusinthidwa. Alipire katundu yense nthawi imodzi ngati angathe, alembetse tsiku lotengera pa lisiti, awerenge yekha chilembo chilichonse, ndipo asagawe oda yake pawiri monga tinachitira ife, chifukwa theka lachiwirilo limakagwera m'masabata amene zipani zimadzaza shopu. Ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, matisheti ndikanadinda 60 okha a mamonita ndi oyenda khomo ndi khomo, ndipo ndalama yotsalayo ndikanaigawa pa timapepala ndi pa kabaza wopita kutsidya kwa mtsinje.

Mwezi wathawu ndinadutsanso pa shopupo kukadinditsa makadi a ukwati wa mng'ono wanga, ndipo ndinapeza kuti pakhoma paja, pakati pa buluu ndi chikasu, akhomapo tisheti yathu yapepo. Mwini wake anafunsa za azakhali, ndinamuuza mmene zinathera, ndipo anati akadzafunanso sefa ya belu ilipo, sanaitsuke.